Tsiku Limene Mbewu ya Apongozi Inasanduka Maziro

Mpaka lero ndikamva fungo la mbatatesi yootcha, njala imandithera pomwepo.

Ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina cha ku Kaphuka, komanso ndili pa chikamwini (inde, mphunzitsi nayenso amanjutira apongozi). Chaka chatha ndinkafuna ana amvetse njira yachidule yolembera manambala aakulu kwambiri ndi aang'ono kwambiri. Maziro a pa bolodi ankangowagonetsa tulo. Ndiye zinandibwerera nzeru zayekha zija: ziro ndi wobulungira, mbatatesi nayonso ndi yobulungira.

Pakhonde pa apongozi panali thumba la mbewu ya mbatatesi yakudimba, yophuka kale, imene anakaitenga okha kwa achemwali awo ku Mozambiki. Ndinaibwereka mwini wake osadziwa. Mumtima ndinkati pofika masana ikhala itabwerera.

Pabwalo la sukulu ndinalemba 6 padothi, n'kundandalika mbatatesi 24 motsatira. "Uku ndi kulemera kwa dziko lapansi m'makilogalamu," ndinatero. Tulo tonse tinawathera. Kenako elekitironi, kanthu kochepetsetsa ka m'kati mwa atomu: mbatatesi imodzi, tomato m'malo mwa kadontho, mbatatesi zina 30, kumapeto 9. Ndili m'kati molongosola, mbuzi inafika n'kumeza kadontho kaja. Elekitironi inalemera makilo 9 nthawi yomweyo, kuposa mwana wa mbuziyo.

Titaithamangitsa, ndinalemba ndi khala pathumba lija: 6 × 10²⁴, pansi pake 9 × 10⁻³¹. "Mwaona? Kanambala kapamwambaka kanyamula maziro onse."

Mtsikana wina, Tadala, anakweza dzanja. "Ndiye kuti mazirowa alibenso ntchito, aphunzitsi?"

"Alibiretu," ndinayankha monyadira.

Ahedi anandiitana ku ofesi. Pobwerako ndinaona utsi kuseri kwa kalasi. Munali mu Juni, kukuzizira kobaya m'mafupa, ana ataunjikana pamoto milomo ili bii. Dziko lonse lapansi linali litadyedwa, elekitironi itatsala makoko.

Mkamwini sayankhula ndi apongozi maso ndi maso, ndiye thumba lopanda kanthu analipereka ndi mkazi wanga, ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko.

"Akuti mbewu yonse ili m'kanambala aka, amayi."

Apongozi anayang'anitsitsa manambala a pathumba aja. "Chabwino. Uwauze aphunzitsiwo akadzale kanambalako kudimba."

Manyazi anandigwira ngati malungo. Pa chakudya mkazi wanga anandiikira mbale momwe munali kambatatesi kamodzi, m'mphepete atalembamo 24 ndi khala.

"Idyani, bambo," anatero. "Zinazo zanyamulidwa ndi kanambala."

Dimba lija chaka chimenecho linamera udzu, ndipo apongozi mpaka pano akandiona amalowetsa matumba m'nyumba. Koma ana aja onse anakhoza funso limeneli pa mayeso. Chaka chino mutu womwewo ndauphunzitsa ndi miyala, ndipo palibe wamva ndi mmodzi yemwe. Ndayamba kale kusuzumira anyezi wa apongozi.