Mlomo wa dziwe la Che Jafali

Sekani ndithu, Mayi a Chisomo, mano ndi anu. Koma poti madzi pakiyosiki pano akungodontha, tulani ndowa mumve, ndipo amene akuti ndikunama akwere minibasi ya ku Limbe, akatsike ku Chinyonga, akafunse amene anayala matailosi m'dziwe losambiramo lili kuseri kwa nyumba ya Che Jafali, ogulitsa nsalu aja. Ndine Esinta, wa Fomu 4 yanga, ndipo manja ake ndi awa.

Nditafika, dzenje anali atathira kale konkire. A folomani, bambo wamimba yotsogola, anandiyang'ana chitenje n'kuti, "Amayi, inu muzitisefera mchenga." Eni nyumba anali pomwepo. Iwo anati, "Apatseni chipande cha simenti tione. Koma mayi, tailosi imodzi ikadzamatuka, dzina lanu limatukire pomwepo. Mu Limbe monse ndimadziwika."

Ndinatsika m'dzenjemo m'mawa, ndi chingwe, levulo ndi timatailosi tabuluu tating'ono ngati mabisiketi, ndipo ndinayala mothamanga moti anthu anayi osakaniza simenti anagwa mmodzimmodzi, chipande chinatentha mpaka a folomani anayatsirapo ndudu, mthunzi wanga unatsalira kukhoma lakumadzulo ukupuma ine ndili kale lakum'mawa. Mukumva? Mizere inawongoka mwakuti ogulitsa malevulo ku Limbe ankabwera nawo m'matumba kudzayesa ngati ali bwino, ndipo okhota ankawongokera pomwepo ndi manyazi.

Koma liwiro si luso. Luso ndi khutu. Tailosi iliyonse ndimaigogoda ndi mphete yanga yaukwatiyi: yogwira bwino imayankha mwachidule, yokhala ndi mphako kumsana imalira ngati chitini. Ndinagogoda zonse, zinayankha ngati kwaya ya pa Misa, koma tsiku lina ndili kuno ku Ndirande ndikuchapa, ndinamva katailosi kamodzi kakuphonya nyimbo kutsidya kwa tauni yonse, ndinasiya zovala m'beseni, n'kukakachotsa. Mulungu akundiona.

Nkhondo inali pamlomo pa dziwe, pamiyala yosalala imene imazungulira m'mphepete, pogwira munthu akamatuluka. A folomani moyo wawo wonse anamanga mabafa, ndipo m'bafa chilichonse chimapendekera kumene madzi akulowera. Ndiye anapendeketsa miyalayo kuloza m'dziwe. Ndinati, "Bambo, ili si bafa. Mvula ikagwa, dothi, masamba ndi zitosi za nkhuku zonse zidzasambira ndi ana a eni ake." Anati mkazi sangawaphunzitse ntchito. Ndinadikira apite kukagula chiwaya, ndinazula miyala yonse isanagwire, n'kuiyalanso itapendekera kunja pang'ono chabe, kutsogolo kwake nditakusalaza kuti kusacheke chala cha mwana. Pobwera anapeza ndikupukuta manja, chipisi chawo chikadali chotentha.

Tsono madzi atalowa! Anakhazikika phee ngati galasi, phiri la Soche linadziona nkhope koyamba n'kukonza chipewa chake cha mitambo, anamzeze ankagwera m'madzimo poyesa kuti thambo lasamukira pansi, ndipo mvula yoyamba itabwera, dontho lililonse logwera pamlomo paja linkatembenuka lokha, kuima pamzere ngati ife pano, n'kumapita kukathirira mapapaya. Mukumva, Mayi a Chisomo?

Mwafunsa kuti madziwo anali ozizira bwanji. Funso labwino.

Simenti ya m'mipata ya matailosi imafuna masiku kuti iume, madzi asanathiridwe. Masiku amenewo mmisiri sakhala nawo pamalopo. Ndinatsuka chipande, ndinasesa pansi pa dziwe louma, ndinayenda pamatailosipo wopanda nsapato kumvetsera ndi mapazi, kenako mlonda anatseka geti kumbuyo kwanga. Ntchito yathu ndi yotero: umakonza pogona madzi, koma madziwo akamafika iwe uli kale pa fumbi la kwina.

Ndiye za Soche ndi anamzeze zija, chabwino, sindinazione ndi maso. Dziwe lija lili ndi madzi sindinalionepo. Nthawi zina ndikadutsa ku Chinyonga ndimachepetsa mayendedwe pafupi ndi mpanda, ndimamva ana akukuwa, madzi akuti phava, ndipo mtima umafunsa ngati kulibe katailosi kamodzi kamene kanandipusitsa, kamene kakumatuka mwakachetechete pansi pa phazi la mwana.

Koma tamverani. Mu Blantyre muno ntchito yabwino ilibe miyendo, yoipa ndiyo imakwera minibasi, kufunsa njira pamsika, kudumpha ngalande, mpaka kugogoda pakhomo pako ngakhale nyumba yako ilibe nambala. Mvula zisanu zagwa. Pakhomo panga Che Jafali sanatumepo munthu.

Sunthani ndowa yanuyo, Mayi a Chisomo, yadzaza kalekale.