Ringitoni ya Abambo

Lolemba

Abambo sakuyankha foni. Ndipo sabata ino ndi imene a kuchipatala cha maso aimbe kutiuza tsiku la opaleshoni ya ng'ala. Nesi ananeneratu: "Tikaimba osayankha, malo timapatsa wina." Tadikira chaka chathunthu! Pa fomu abambo analemba nambala yawo. Yanga anakana, eti maso ndi awo.

Vuto ndalipeza. Foni yawo imalira ngati ya aliyense pa layini yathu ino ya ku Glen Norah. Ikalira amangotembenukira kuchitseko cha loja wathu wochita lendi pano, mayi Zinha a ku Tete, n'kukuwa kuti, "Mayi, foni yanu!" Pamenepo n'kuti ikulira m'thumba la jekete lawo, yokulunga m'kahanki. Zoti andipatse ndizipita nayo kumashopu kumene ndimasoka mayunifomu, iwalani.

Pulani: ndiwaikira ringitoni yawoyawo. Ndili ndi vidiyo ya malemu amayi akutsogolera nyimbo m'kwaya ya amayi kutchalitchi. Mawu amenewo abambo angawamve ngakhale ataima m'chigayo.

Zofunika:
- bandulo
- apu yodulira nyimbo
- kuleza mtima (ndilibe)

Lachiwiri

Magetsi apita m'mawa. Ndikutchajira foni kwa wometa tsitsi, ali ndi sola.

Apu yoyamba ikuti ndawina galimoto. Yachiwiri ikufuna kuona zithunzi zanga zonse, za chiyani? Yachitatu ndiye yamakhalidwe. Ikuchotsa mawu m'vidiyo n'kuwasandutsa MP3, kenako ikundionetsa timizere ngati mano a chipeso, eti ndidule ndekha. Chala changa chinazolowera singano, osati izi. Ndadula masekondi makumi atatu oyambirira. Nanga nyimbo siyambira poyamba?

Madzulo ndatumiza ku foni ya abambo, ndaika, ndikuimba kuti tiyese.

"Khalani pansi kutsogoloko! Khalani pansi, sitikuona!"

Mayo ine! Ndi mawu a mkulu wa mpingo. Kenako chifuwa, kenako benchi kukwekwereza, basi yatha. Ndinaiwala kuti pa vidiyoyo kwaya imachedwa kuyamba. Abambo anaima pakhomo. Akhala pansi.

Lachitatu

Ndachotsa mkulu wa mpingo pa ringitoni. Koma kaya ndagunda pati, wasamukira ku mameseji, ndipo kumeneko sakuchoka.

Abale a ku Ntcheu ali ndi gulu pa foni. M'mawa uliwonse amatumiza maluwa, mavesi, ndi zithunzi za mbuzi. Meseji iliyonse: "Khalani pansi!"

Zotsatira zake mpaka masana:
- abambo anyamuka kasanu kupita kukagula buledi, sanafike pageti
- mayi Zinha akhalira ndowa ya zochapa, akuti, "Ine ndimati ndi apolisi"
- mnyamata wogulitsa matsache wanjuta pamsewu, sakudziwa kuti walakwa chiyani

Abambo akuti, "Munthu ameneyu ngakhale kutchalitchi amatitopetsa, lero wanditsatira m'thumba?"

A kuchipatala sanaimbe. Mulungu ndi wabwino.

Lachinayi

Zatheka! Mayi wina wodzatenga yunifomu wandionetsa kumene foni imasunga maphokoso a mameseji. Mkulu wa mpingo ndakamufufuta nditafika kunyumba, osamvera chisoni.

Ndadulanso nyimbo, ulendo uno ndi mahedifoni, makina osokera ataima. Ndayambira pamene amayi akukoka mpweya, ndathera pamene kwaya yamaliza kuvomera. Ndamvetsera kakhumi. Kolala ya shati ndaisoka chozondoka.

Kunyumba ndaiika pa foni ya abambo, ndikuimba. Jekete la abambo layamba kuimba ndi mawu a amayi. Abambo avula chipewa.

"Ndi Esinati uyu."

Chibadwire sindinawamvepo akutchula dzina limenelo. Nthawi zonse ankangoti "amayi ako". Ndalira, sindibisa, ndathawira kukhitchini. Pobwera ndawaphunzitsa: ikalira, chala pa chobiriwira, kokerani m'mwamba. Akuti, "Ndamva." Ndabwereza. Akuti, "Ndili ndi ng'ala, sindine gonthi."

Ndine katswiri ine. Mwina nditsegule kabizinesi ka maringitoni.

Lachisanu

Ndikuimba ndili kuntchito, kungoyesa. Ikulira mpaka kuduka. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu ikuti ali pa foni ina. Abambo? Ndi ndani?

Ndasiya makina, ndathamanga. Pakhonde pathu pali amayi anayi a kwaya, anzawo a malemu. Mayi Zinha anaulutsa nkhani ku mjigo. Foni aikhazika pa situlu, ataiyalira kansalu koluka, ndipo akusinthana kuiimbira. Amayi akayambitsa m'foni, iwo akuvomera, wina besi, wina misozi. Abambo ali pakati, jekete lomanga mabatani, ngati mlendo wolemekezeka.

"Mwana iwe, wachita chinthu chachikulu," akutero mmodzi wa iwo, mayi Banda. "Imbaso, ine ma unitsi sakutha, bola asayankhe."

Ndalanda foni. Mafoni osayankhidwa: makumi awiri ndi atatu. Pakati pake nambala ya muofesi, kawiri. Ndaimbako, palibe woyankha, aweruka.

Loweruka

Ndaimbanso m'mawa. Nesi akuti, "Tinaimba kawiri dzulo. Malo apita, adikire mndandanda wina."

Chaka chathunthu! Ndakwiya. Ndafunsa abambo ngati foni anaimva amayi a kwaya aja asanabwere. Akuti anaimva, kangapo konse. Nanga bwanji osayankha?

"Amayi ako ali pakati pa nyimbo, ine ndiwadule pakamwa? Zaka zonse zija sindinayerekezepo, ndiyambe lero?"

Akuti amadikira kuti amalize kaye. Akamaliza, woimba uja wapita. Akudabwa kuti anthu a masiku ano amafulumirira chiyani.

Ndawauza zambiri zimene mwana sayenera kuuza kholo. Ndabwezera ringitoni yakale ija, ya aliyense. Sanatsutse. Atulutsa foni m'kahanki, aisiya patebulo, akakhala panja kuyang'ana mpanda umene sakuuona bwinobwino. Tiyi wazizira. Masana akuti sakumva njala.

Foni yalira kamodzi. Mayi Zinha atuluka kuthamangira yawo. Abambo sanatembenuke n'komwe.

Kabizinesi ka maringitoni katsekedwa.

Lamulungu

Kutchalitchi mkulu wa mpingo wakuwa kuti akutsogolo akhale pansi. Abambo ndi ine tayang'anana. Ndaluma mpango kuti ndisaseke, iwo mapewa akugwedezeka.

Tabwerako. Ndalemba kalata yosintha nambala pa fomu, ndaikapo yanga. Asayina osafunsa, mphuno ili papepala, dzina lakwera phiri. Mawa ndikwera kombi, minibasi ya kuno, kukaipereka ndekha. Zikanatheka chaka chatha, popanda apu, popanda bandulo. Basi, tidikiranso.

Ndatenga foni yawo patebulo, ndabwezeramo amayi, ndaikulunga m'kahanki, ndawaikira m'thumba.

Tsopano ndili kukhitchini, ndikutsuka mbale. Ndapukuta manja, ndaimba. Pabalaza amayi akoka mpweya, ayambitsa. Abambo akudziwa kuti ndine. Sakuyankha.

Nanenso sindikudula. Ikatha ndiimbanso.