Mmene ndinakongoletsera foda ya mbewu

Anzanga, ine ndinaphunzira ukalaliki pa mafayilo a mapepala. Fayilo yofunika unkaijambula mitanda iwiri ya inki yofiira pachikuto kuti bwana aione msanga. Ndiye kompyuta zitafika ku ofesi yathu pa boma la Chama, ziwiri zolumikizidwa ndi waya, ine ndinati ntchito ndi yomweyo basi.

Katswiri wa ku Chipata, a Ng'uni, anazitchera kuti Lachisanu lililonse jenereta ikalira, kompyuta ya bwana izitenga yokha mayina mu foda yanga n'kuwasindikiza. Sabata ina munali mayina a alimi a ku Tembwe oti alandire mbewu ya chimanga mvula isanatseke msewu. Apongozi anga, a Goma, analimo, ndipo ndinali nditawauza modzitama kuti asavutike kusunga mbewu, mkamwini ali pa makina.

Foda yofunika chonchi ikhale yopanda chizindikiro? Ndinasakasaka pa mabatani n'kupeza zizindikiro za # ndi &, ndinaziika kutsogolo kwa dzina la foda, mtima mbee.

Lachisanu, pulinta zii. Ndinauzira fumbi, zii. Ndinazula waya n'kubwezera, ndinakalipira a Zimba oyang'anira jenereta kuti moto wawo ndi wofooka, munthu wosalakwa. Kenaka nzeru zinandibwerera: makinawa sakuiona foda chifukwa zizindikiro zachepa! Ndinawonjezera zina zinayi. Bwana anali ku msonkhano, ndipo dalaivala wa lole yonyamula mbewu anasuzumira pakhomo.

"Ba Kumwenda, manje pepala ya Tembwe ili kuti? Mitambo iyi siyembekeza munthu."

Ndikanangolemba mayinawo pamanja, si anali pamaso panga pomwepo? Koma manyazi, kalaliki wa kompyuta n'kugwiranso bolopeni? Ndinati apite, pepala litsatira Lolemba. Anapita ndi mbewu ya ku Chikwa yokha, ndipo Lamlungu mvula inagwa yoti mitsinje inadzaza.

A Ng'uni anabwera patatha masabata awiri. Anayang'ana kamodzi, n'kufufuta zokongoletsa zanga zonse, pulinta n'kuyamba kulira.

"Makina afuna dzina yamene ninawapatsa, tuzinthu utu sawerenga. Nindani anaika?"

Ndinayang'ana a Zimba, a Zimba anayang'ana ine, ndinakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Mbewu inafika ku Tembwe anzawo akupalira kale. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sanali apongozi okha, unali mudzi wonse, ndipo onse ankadziwa kuti mkamwini wa a Goma ndiye ali pa makina. Nditapita kukapepesa, mdalayo sanakalipe. Anandipatsa mpando, n'kuitana mwana wawo, mkazi wanga.

"Chaka chamawa uza amuna ako asatithandizeko, tifuna tikolole."

Kuchokera tsiku limenelo, foda ndimaisiya ndi dzina limene ndaipeza nalo, ndipo makina akangoti zii ndimatulutsa bolopeni.