Nyimbo Ili M'mimba, Chipewa Chili Pamutu

Sekani ndithu dazi langali, inu akabaza a pano pa Kamwendo, muzinena kuti mukhoza kukazingirapo dzira, koma amene akuti ine Gwedeza ndimayenda padzuwa mutu uli pamtunda chifukwa chosowa chipewa abwere akhale apa, ndipo wofuna kunena kuti ndikunama ayambe wandiuza ngati anagwirapo chiwongolero cha basi yodzaza ana a sukulu, osati timahandulo ta njinga iti. Iwe wa malaya ofiira, leka kunong'ona. Zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso awa, ndipo mimba yangayi ndi mboni.

Chinali chaka chachitatu chilowereni matipate. Ndinali dalaivala pasukulu ina ya pulaiveti kuseri kwa msika uko, inatsekedwa kalekale musavutike kuifuna, ndipo basi yake tinkaitchula kuti Tsekwe chifukwa inkayenda ikugwedeza kumbuyo. Mabuleki ake ankafuna kupopa kasanu ndi kawiri, pansi pa mpando wanga panali chibowo choti mbuzi ikhoza kudutsa, koma basi silinali vuto. Vuto linali ana. Chikwapu chinali chitapita ndi boma lakale, ndiye ukauza mwana kuti alowetse mutu pawindo ankati ndi ufulu wake, ukamuletsa kugenda anthu ndi zitsononkho ankati ndi demokalase.

Ahedi athu, a Zalimba, anandipatsa malamulo atatu tsiku loyamba: mwana osamukhudza, chipewa cha yunifolomu chisachoke pamutu nthawi ya ntchito ngakhale zitavuta bwanji, ndipo madandaulo okhudza ine akakwana atatu ndisiye makiyi, ndituluke m'nyumba ya sukulu. Ndinafunsa kuti nanga mwana akalakwa nditani. Anati, "Lembani lipoti, a Gwedeza, ife tidzaona." Ndinalemba, abale anga, ndinalemba mpaka malipoti anadzaza kabati, kabati inathyoka miyendo, chiswe chinabwera kudzadya mapepalawo n'kunenepa ngati makoswe, mukumva? Koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anaitanidwa ku ofesi. Madandaulo a ine okha ndiye ankawerengedwa tsiku lomwelo, ndipo awiri anali atalowa kale, lina la kholo loti ndinayang'ana mwana wake ndi diso loipa, lina la mayi wogulitsa tomato amene anawo anamugenda ine ndili pachiwongolero. Linatsala limodzi. Kunyumba ana asanu, mayi awo ali ndi pakati, nyumba ndi ya eni. Ndikuuzeni zoona, ndinkachita mantha.

Loweruka lina ndinawatengera ku Chiosya ku mpira, ndipo mwatsoka langa anapambana. Pobwerera, dzuwa litangopendeka, basi inali itasanduka bwalo. Goloboyi wathu Yotamu, wa Fomu Folo koma ndevu zake zoposa zanga, ankaimba chigubu ngati ng'oma, atsikana akululutira, ena atakwera pamipando, onse pakamwa pamodzi: "Tawakwirira, tawakwirira, a ku Chiosya tawaika m'manda lero!" Ahedi anali pampando wakutsogolo pambali panga, tulo tofa nato.

Tikutsetsereka chakudambo lina, ndinangoona masamba aawisi ataikidwa chopingasa pamsewu. Nonse mukudziwa, masamba otere ndi maliro, wanjinga amatsika, wagalimoto amayenda ngati akukwawa, wailesi imazimidwa, ndipo wolakwitsa amakumana ndi adzukulu, anthu okumba manda amene tsiku la maliro sayankhidwa ndi munthu aliyense. Ndinaona amayi atakhala pasiwa m'mbali mwenimweni mwa msewu, abambo pansi pa mitengo ya mango, ndi adzukuluwo akuchokera kumanda makasu ali paphewa. Ndiye ine ndikubwera ndi basi yoimba za kukwirira anthu! Dandaulo lachitatu ndinaliona likundidikira pamsewupo, litaima ndi miyendo iwiri.

Ndinakuwa kuti, "Chete! Zovuta kutsogoloku!" koma mawu anga anamira m'chigubu cha Yotamu. Ndinagwedeza ahedi paphewa: "Bwana, maliro, alankhuleni ana anuwa." Anatsegula diso limodzi, anaona masamba aja, analitsekanso, mkonono n'kuwonjezera.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa sindibwereza. Ndi mwendo wamanja ndinapopa mabuleki kasanu ndi kawiri, chiwongolero ndinachigwira ndi bondo lamanzere, khosi ndinalipotokola ngati kadzidzi mpaka nkhope inayang'ana kumbuyo, ndinatulutsa mpweya wonse mpaka mimba inakagunda msana, kenaka ndinatsegula pakamwa n'kukoka, kukoka, kukoka, ndipo nyimbo ija inayamba kuchoka m'kamwa mwa ana ngati utsi wa m'chigafa, yoyamba kulowa inali ya atsikana a kutsogolo, kenaka ya anyamata a pakati, kenaka nthungululu, mluzu, kulira kwa chigubu, ngakhale mkonono wa ahedi unazulidwa m'mphuno mwawo, zonse n'kutsetsereka kukhosi kwanga kukakhala m'mimba, mukumva? Ana anatsala akungotsegula pakamwa ngati nsomba zapamtunda. Yotamu ankamenyabe chigubu koma chosatulutsa kanthu, mpaka anachiyang'ana m'kati. Mwana sindinamukhudze ndi mmodzi yemwe, lamulo loyamba ndinalisunga.

Mimba inatupa, mabatani a malaya anathothoka onse, limodzi linaboola galasi n'kukagwera ku Mwami, tsidya lija la malire, anthu akeko analitola mawa lake. Koma injini ya Tsekwe inali ikubangulabe ngati chigayo. Ndinaizima. Basi yozima siyenda, ndipo kuima pasiwa ndi nyimbo yotere m'mimba sindikanatha, ndiye ndinatsitsa miyendo yonse iwiri pachibowo chija, mapazi anaponda dothi, ndinagwira mpando ndi dzanja limodzi, n'kudzutsa basi yonse pamodzi ndi ana ake, mipira yake ndi ahedi ake, n'kuyamba kunyang'ama nayo. Masamba oyamba ndinawalumpha osakhudza ngakhale tsamba limodzi. Nkhuku inali itagona pakati pa msewu, tinaidutsa pamwamba, sinadzuke. Iwe wa malaya ofiira ukupukusa mutu, unaliko?

Koma nyimbo ya ana opambana mpira sikhala phee m'mimba mwa munthu. Inkandimenya mateche m'nthiti, inakwera kukhosi, ndinamva "tawakwi" atafika kale m'mano, ndinamuluma n'kumubweza, inathawira kumphuno, ndinatsina mphuno ndi dzanja lotsala lija, inathawira kumakutu, ndinakweza mapewa n'kutseka makutu onse awiri, thukuta likutsika mpaka linasiya ngalande pamsewu imene ana a m'mudzimo ankasambamo mpaka mwezi wa Okutobala. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, nkhope ya mayi a kunyumba atakhala panja pa katundu ndi mimba yawo ija. Amayi a pasiwa ankatiyang'ana akugwedeza mitu movomereza. Masamba achiwiri, othera malirowo, ndinkawaona apo pali njinga yako apo. Anatsala mapazi khumi.

Pomwepo mkulu wa adzukulu anaima pakati pa msewu n'kukweza khasu. Ndinaima, basi ili m'chiuno. Anasuzumira pawindo, anayang'ana ana onse ali duu, n'kunena kuti, "Ana awa ndi aulemu, sitinaonepo basi ya sukulu yotere." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Koma inu akuluakulu, chipewacho mwavalira ndani? Malemuwa ndi mnzanu wosewera naye?"

Chipewa! Mwamuna kudutsa pasiwa chipewa chili pamutu! Kuti ndichivule, dzanja lina lagwira basi, lina latsina mphuno. Kuti ndipepese, pakamwa pali nyimbo ya kukwirira anthu. Ndinayang'ana ahedi ndi maso opempha, kuti angonena mawu awiri okha, oti chipewacho ndi lamulo lawo. Ndipo anadzukadi, anakonza taye, n'kutsika basi manja ali kumbuyo.

"Pepani anamfedwa," anatero. "Munthu uyu ndatopa naye kumulangiza. Onani ana anga mmene ndawaphunzitsira mwambo. Dandaulo lanu musavutike kulemba, ndalilandira pompano, ndipo ndi lachitatu."

Mdzukulu uja anakola chipewa changa ndi mpini wa khasu n'kuchikoleka pamtengo wa mango. Ndikanatha kungotsegula pakamwa. Ndinaganiza zimenezo, sindibisa, kuti ndiimasule nyimboyo ndi mawu a ana awo omwewo, mudzi wonse umve mwambo umene a Zalimba anawaphunzitsa, tione ngati taye ija ikanafika kunyumba. Koma pakhomo pa siwa panali mayi wamasiye, wamng'ono ndithu, atakhala pamphasa akungoyang'ana pansi, khanda lili pamiyendo. Ndinameza. Nyimbo inatsika n'kukakhala pansi penipeni pa mimba, ndipo ndinanyamula basi yanga n'kudutsa masamba achiwiri aja.

Lolemba ndinapereka makiyi. Lachiwiri katundu wathu anali pangolo, ndipo mwana uja anabadwira m'kachipinda kobwereka kuseri kwa chigayo. Ahedi anayamikiridwa pamsonkhano wa makolo chifukwa cha khalidwe la ana awo.

Ndikudziwa zimene Yotamu amanena masiku ano akakhala pagolosale yake, zoti anawo anangoona masamba n'kukhala chete okha poti nawonso ndi ana a m'midzi yomweyi, ndi zoti Tsekwe mafuta anangomuthera n'kutsetsereka yekha. Musiyeni, anali kumbuyo, miyendo yanga sakanaiona. Chimodzi chokha ndivomere, popeza mwandimvera mpaka pano. Za lamulo la ahedi zija ndinazikumbukira mdzukulu atafunsa kale. Chipewacho ndinangochiiwala pamutu, ine mwana wa kuno, wokula ndikuona masamba pamsewu. Ndiye chifukwa chake dazi ili lidzapsa mpaka tsiku limene mudzandiikire masamba anga.

Koma nyimbo ija ilimo, sinatulukebe. Mwaimva kulira kumeneko? Mayi a kunyumba amati ndi nyemba. Iwe wa malaya ofiira, bwera, ika khutu apa, undiuze ngati nyemba zimaimba chigubu.