Disiki yopanda nambala

Lolemba
Laputopu ya Mutinta, mwana wanga, ikudwala. Anaigula kwa mzungu ku loji ya ku Nakatindi komwe amagwira ntchito, itakalamba kale ngati ine. M'katimo muli nkhani zanga zonse za ku njanji. Chaka chathunthu ine kulankhula, iye kutaipa. Ba Mubita okonza makina ku tawuni akuti mankhwala ndi amodzi: kufufuta zonse, n'kuikamo mwatsopano pulogalamu yoyendetsa makinawo. Mutinta wakopera nkhani zanga pa disiki imodzi. Mtima uli m'malo.

Lachiwiri
Afufuta, galasi lili bii. Ba Mubita andisiyira mulu wa madisiki, onse apita kuntchito. Ntchito yanga ndi iyi:
kukhala pafupi,
laputopu ikapempha, kuchotsa disiki n'kulowetsa yotsatira,
china chilichonse osakhudza.
Manambala ndimawadziwa, ndinaphunzirira pa mabogi a sitima. Madisiki ena omwe anali mbwee patebulo ndawaphatikiza pamulu womwewo, angasowe.

Lachitatu
Ba Phiri oyandikana nafe abwera kudzaona "TV yopinda". Ndawayambira nkhani yanga ija ya sitima pa mlatho, ndipo inu mukudziwa, nkhani ya pa mlatho siifupika. Makina andidikira masana onse. Ndikuti ndibwerereko, magetsi thimu. Batire linafa kalekale. Mawa kuyambira poyamba.

Lachinayi
Ndatseka chitseko, komboni yathu yonse ya Malota iziti ndachokapo. Zikuyenda bwinobwino mpaka disiki ina ya chapakati: khoro, khoro, khoro, ngati mbuzi yotsamwa. Ndaiuzira mpweya. Ndaipukuta ndi malaya. Mutinta madzulo: "Ba tate, iyo si mbale."

Lachisanu
Ba Mubita aimvetsera. "Iyi ni yakufa, mudala. Nipaseni ina ilibe nchito, nikakopele ku shopu." Ndasanthula mulu, ndapeza imodzi yopanda nambala. Bogi yopanda nambala siili paulendo. Ndawapatsa.

Loweruka
Makina adzuka, mpaka kanyimbo! Mutinta akufunafuna disiki ya nkhani zija. M'kabati, pansi pa matiresi, m'chikwama cha kutchalitchi. Kenako waima, akundiyang'ana. Ndi ija yopanda nambala ija. Ba Mubita anakoperapo zawo pamwamba. "Zayenda, mudala, sizibwelela." Mutinta sakudya. Zala zake zinavutika chaka chonse. Ine ndangokhala duu, mpaka ba Phiri afunsa pampanda ngati ndikudwala.

Lamlungu
Tabwerako kutchalitchi. Mutinta watsegula makina, tsamba lili mbee. "Yambani, koma mufupikise." Ndayamba ndi njovu zomwe zinaimitsa sitima yathu, gulu lonse, zazikulu ndi ana omwe. "Chaka chatha inali imozi chabe." Mwina. Mboni yomwe ikananditsutsa, disiki ija, kulibenso. Akutaipa pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Ndamuchotserako, zikhale zitatu.