Dimba Losenza Pamutu

Anzanga, siyani kaye kuchapako, mumve zimene ndalota usiku wathawu.

Mukudziwa kuti chibwerereni m'tauni muno ndasamuka kasanu ndi kawiri, ndipo paliponse ndimadzala maungu kuseri kwa nyumba. Akangoyamba maluwa, eni nyumba amatulukira: "Mayi, mwana wanga akukwatira, nyumbayi tikuifuna." Maungu anga amadya ndi ena. Nthanga zimene anandisiyira malemu mayi anga zatsala zitatu basi, zili pa mfundo ya chitenje ichi. Zikatha zimenezi, mbewu ya mayi yathera pomwepo.

Ndiye m'malotomo ndinatsika minibasi mumzinda wa m'chipululu, dzuwa lili paliwombo. Misewu yotakata, nyumba zofanana ngati mabanzi a m'thireyi imodzi, koma panja popanda munthu ngakhale wogulitsa tomato. Ndiye ndinaima pa nyumba ina yolembedwa kuti ya lendi, geti n'kutsokomola.

"Ana muli nawo angati?" linafunsa getilo.

"Anakula, ali kwawo."

"Nkhuku?"

"Ndilibe."

"Lowani. Koma msomali osakhoma, zovala osayanika panja, alendo aziseka motsitsa."

Ndinalowa. M'nyumba munali kamakina koziziritsa kapakhoma, kakung'ung'udza kuti, "Tsekani chitseko, mayi, mukundilowetsera dzuwa!" Ndiye ndinasuzumira pabwalo, mtima wanga n'kuwawa. Miyala yokhayokha, anzanga, timiyala toyera mbee bwalo lonse! Ndinati anthu amene anatuluka munowa analeredwa kuti? Ndinatenga tsache, ndinawerama, ndinasesa timiyala tonse mpaka dothi linaoneka, n'kusiya mizere ya tsache yokongola ija.

Mwadzidzidzi kunaima galimoto, n'kutsika bambo wa tayi, chikwatu cha mapepala kukhwapa. Anati ndi a Chimbalanga, a komiti yoona maonekedwe a nyumba za m'deralo.

"Mayi, kapinga wathu ali kuti?"

"Kapinga wake uti, bambo? Panali zinyalala za miyala."

"Miyalayo ndiye kapinga wa kuno! Tinachita kuitanitsa!"

Akulankhula choncho mutu wawo unayamba kubiriwira, tayi n'kusanduka mchira, ndiye ndinangoona ndi gulo wamkulu, akugwedeza mutu pamwamba pa mpanda. Ine osaopa. Ndinamasula mfundo, ndinawaonetsa nthanga zija, ndinati ndikufuna kudzala.

"Dothi ndi la eni nyumba," anatero gulo, mutu uli m'mwamba, m'munsi. "Walendi amangopondapo. Kadandauleni ku ofesi."

Ndiye ndinauyamba ulendo wapansi, chifukwa kumeneko kabaza kulibe. Matayala a galimoto zodutsa ankandinena: "Taonani uyo, akuyenda ndi miyendo!" Patapata wanga anasungunukira pa tala, ndinamusiya pomwepo akulira kuti ndimuperekere moni kwawo. Ndinafika ku ofesi, ndinapeza mayi wa magalasi akutafuna chingamu. Ndisanamalize moni khosi lawo linatalika, msana n'kutumphuka, ndiye ndi ngamila, chidindo chili kuphazi.

"Pansi ndi pa eni nyumba," inatero ngamila. "Khoma ndi la eni nyumba. Denga ndi la eni nyumba. Mthunzi ndi wa komiti."

Ndinapsa mtima, anzanga. Ndinati, "Nanga mutu wangawu ndi wa ndani?"

Ngamila inatsegula buku, inanyambita chala, inafufuza mpaka kumapeto. "Za mutu sanalembemo."

"Dindani pamenepo."

Inadinda.

Mwadzidzidzi ndili kunyumba kuja, m'manja muli beseni langa lobooka lija ndimasungiramo makala. Dothi ndinalipeza bwanji? Ndinakutumula chitenje, ndinapala zidendene, ndinagogoda mtondo, n'kutuluka dothi lofiira la kwathu lodzaza beseni. Ndinadzala nthanga zitatu zija, ndinapinda nkhata, ndinasenza. Mpopi unandikaniza madzi, unati, "Dontho limodzi pa munthu, mbewu sizili pa mndandanda." Ndinati chabwino, langalo ndipatse. Ndinathira m'besenimo, ine n'kumeza malovu. Madzi otsukira mbale ndinathiramonso, osataya ngakhale pang'ono.

Gulo ankanditsatira ndi tepi yoyezera, kudikira kuti nditule. Khosi linkawawa ngati ndasenza thumba la simenti. Ndinkadya chiimire, kugona chiimire. Gulo amvekere, "Mutula, mayi, mutula." Ine ndimvekere, "Mutopa ndinu."

Ndiye ndinamva kanthu kakundikodola khutu. Nkhwani! Unatsika paphewa, unayanga msewu wonse, unakwera mipanda, unagogoda pa zitseko zija. Anthu anayamba kutuluka, anzanga, anthu amene anakhala moyandikana zaka khumi osapatsana moni. Wina anafunsa ngati masambawa amadyedwa. Ndinati bweretsani nsinjiro muone. Ngakhale gulo anaika tepi pansi n'kubisala kunsi kwa tsamba kuthawa dzuwa.

Mwadzidzidzi geti linakuwa: "Mayi, mwana wa eni nyumba akukwatira! Nyumbayi akuifuna!"

Ndinati basi, maungu anga apitanso monga mwa nthawi zonse. Kenako ndinakweza dzanja, ndinapapasa m'beseni, ndinakhudza dzungu lozizira, la mizeremizere ngati maungu a malemu mayi aja. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati, "Auzeni ukwati wabwino. Makiyi ali pawindo." Ndinatuluka pageti dimba langa lili pamutu, nkhwani ukukwekwereka pambuyo.

Ndikuti ndithyole dzungulo, ndinamva kho! kho! kho! Kutsegula maso, ndi mpopi wathu wapanjawu ukutsokomola, madzi akubwera.

Ndiye inu a Nangondo, mumafunsa chifukwa chake makala anga ali pansi m'mawa uno. Beseni lili apo pakhonde, ndathira kale dothi, ndipo mfundo ya chitenje ndi iyi, yomasula. Eni nyumba akadzabwera ndi nkhani ya ukwati, inu mudzangondithandiza kusenza.