Maliro amene ndinamanga ndekha ku Masasa

Anzanga, mukandiona ndikuyenda chowerama mu Masasa muno musaganize kuti ndi ulemu. Ndi manyazi, ndipo ndinawaphika ndekha ndi manja angawa.

Paja chaka chatha anatisankha ophunzira angapo a zankhalango kuti tikapitirize sukulu ku Norway. Koma asanatikweze ndege anati tiyambe takhala temu yathunthu m'tchire, kumapiri a Viphya uko, kuphunzira kugona panja, kuwoloka mitsinje, kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, zonse zimene makolo athu ankachita opanda satifiketi. Ine Limbani, mwana wa ku Balaka wozolowera thukuta, zambiri ndinkakwanitsa ndithu, mano akugundana choncho. Chinandikanika ndi chimodzi basi: kumanga tenti. Amakupatsa lona yaikulu, zingwe ndi mitengo, iwe umange pobisala mvula gulu lonse. Ya anzanga inkaima ngati sitolo. Yanga, mphepo ikangotsokomola, yagwada.

Mphunzitsi wathu, Madamu Nyirenda, mayi wosaseka wamba, anandiuza maso ndi maso tikutsika kuphiri kudzapuma kumapeto a sabata. "Limbani, Lolemba ndi mayeso omaliza. Tenti yako ikagwanso, anzako udzangowaperekeza ku eyapoti n'kubwerera." Kwathu ku Balaka anali atalengeza kale mpaka kuchigayo kuti Limbani akupita kunja, ndiye ndikabwerere ndi nkhope yanji?

Ndiye Loweruka m'mawa ndinati ndiyeserere pakhomo. Pali cholakwika pamenepo? Ndimachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya amama NyaMhone, mayi wachikulire wa ku Nkhata Bay, mzati wa mpingo, amene masabata apitawo anagonekedwa m'chipatala ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Tsikulo iwo anali atalawirira kwawo kukatenga ufa wa kondowole, nyumba atakiya, osauza aliyense koma ine. Bwalo lonse linali langa.

Lona ndinalibe, choncho ndinathamangira kutchalitchi kwawo kukabwereka. Ndinapeza bambo wosunga katundu akusesa.

"Odi adada, ndikupempha lona ija yabuluu. Ndi ya kwa amama NyaMhone, ikufunika msanga."

Bamboyo anavula chipewa pang'onopang'ono, n'kundipatsa lona ndi manja awiri, osafunsa kanthu. Ine m'njira ndikuti, koma anthu a kumpoto ulemu! Chitsiru ine.

Mitengo ndinadula nthambi za mtengo wa mapeyala wa pakhomopo. Masamba ndinati ndisadetse bwalo la eni, ndinakawataya pamsewu, mulu wina kumtunda kwa geti, wina kumunsi. Mabenchi a pakhonde ndinawakokera pabwalo kuti ndizikwerapo pomanga zingwe. Lona inakwera, yopendekera pang'ono koma inakwera. Chimwemwe chitandigwira ndinati bwanji ndiyeserenso moto, ndinakoka chitsa chonyowa n'kuchiyatsa pambali, utsi tolo! Wakabaza wina anafika pageti, anatsika njinga n'kudutsa akukankha, mutu pansi. Ine ndinati kaya tcheni chaduka.

Tsono taonani. Tenti pakhomo, masamba pamsewu, mabenchi panja, chitsa chikufuka masana. Ngakhale mwana wa sitandade wani akudziwa tanthauzo lake. Ine ndakulira m'Malawi momwe muno, maliro ndapitako osawerengeka, koma mutu unali utafika kale ku Norway, ku Masasa kunatsala thupi lokha.

Kamvula kathu ka Mzuzu kaja kanayamba kuwaza. Ndinati eya, mayeso enieni ndi amenewa, tione ngati idonthe. Ndinatenga thumba logonamo la kusukulu, lija lopanikiza kumiyendo lotseka mpaka kumutu n'kusiya kabowo ka mphuno, ndinayala mphasa pansi pa tenti, ndinalowamo, zipi gwa, m'makutu ndinaika maphunziro a pafoni a chilankhulo cha ku Norway. Mawu ake ozizira aja anandigoneka ngati khanda.

Chinandidzutsa ndi nyimbo. Foni inali itazima, ndipo ndinkamva amayi akuimba motsitsa mawu pafupi penipeni ndi khutu langa. Ndinasuzumira pakabowo kaja. Mayo ine! Miyendo, zitenje, maduku, nsapato zamatope. Abambo ali pamabenchi mitu ili pansi. Wina akutula mtolo wa nkhuni. Pamwamba panga wina anali atandifunditsa chitenje chatsopano, ndipo mayi wina ankandiingitsira ntchentche.

"Thupi alibweretsa kuchokera kuchipatala, koma kiyi wa nyumba palibe," bambo wina ananong'oneza mnzake. "Mnyamata wa lendi uja ndiye wathamangira kukauza abale."

"Chiuta wane! Dzana lomweli tinali nawo kumsika. Koma aonda chomene, taonani kutalika kokhakokha," anayankha mnzakeyo akuyang'ana thumba langa.

Pamenepo munthu wanzeru akanatani? Akanatsokomola, n'kupepesa, nkhani n'kutha. Ine ndinaganiza zoti ndingokhala duu, mwina atopa abalalika. Munaonapo anthu akubalalika pamaliro chifukwa chotopa? Ankangochuluka! Ndinayesa kutsitsa zipi mwakachetechete, zipi yaluma nsalu, siikupita kutsogolo kapena kumbuyo. Thukuta la ku Balaka linabwerera lonse.

Kenako ndinamva mawu amene ndikanawazindikira ngakhale ndili m'manda enieni.

"Phepani chomene. Ndamva kuti ndi pakhomo pa mwana wasukulu wanga, ndiye ndati ndidzakhale nawo."

Madamu Nyirenda! Atavala chitenje ndi duku, anakhala pansi pakati penipeni pa tenti, pamene lona inali itayamba kulendewera ndi madzi ngati mimba ya ng'ombe. Ndinawaona akukweza maso, akuyang'ana mfundo zanga imodziimodzi, ndipo ngakhale pamaliro nkhope yawo inkachonga.

Utsi wa chitsa chija ndi umene unandipereka. Unalowa pakabowo, unakwera m'mphuno, ndinalimbana nawo, ndinapemphera, koma ayi ndithu.

"Etsyeee!"

Nyimbo inaduka pakati. Ndinadzuka n'kukhala tsonga, chitenje chili kumutu.

"Wawuka! Wawuka!"

Anzanga, sindinadziwe kuti amayi achikulire amathamanga choncho. Wina analumpha mpanda wa maluwa, bambo wina anathawa ndi benchi lomwe. Ine ndikufuula kuti ndine Limbani, ndine Limbani, koma mawu otuluka m'thumba amamveka ngati a kutsidya. Ndinaimirira kuti andione bwino, miyendo yomangika pamodzi, ndikudumphadumpha ngati chimbozi, ndipo ndinakagunda mtengo wapakati. Lona yonse, ndi madzi ake onse, khuu! pamutu pa Madamu Nyirenda, munthu yekhayo amene sanathawe.

Nthawi yomweyo ndi pamene amama NyaMhone anatulukira, thumba la ufa lili pamutu. Anali atatsika kabaza patali ataona masamba pamsewu, akuyenda mwaulemu, akufunsa anthu othawawo kuti kodi watisiya ndani. Aliyense amene anamufunsa ankakuwa n'kuwonjezera liwiro.

Zitadziwika, anthu atabwerera, ndinagwada m'matope, theka la thupi likadali m'thumba, n'kufotokoza zonse. Ena anaseka mpaka kukhala pansi, ena ankafuna kundimenya, ndipo sindikanawadandaula. Amama anayang'ana nkhuni, anayang'ana ufa ndi ndiwo zimene anthu anabweretsa, anayang'ananso amene analipo ngati akuloweza nkhope za amene sanabwere.

"Yewo chomene nonse, mwandilira bwino," anatero. "Popeza mwabwera kale, tipemphere zothokoza kuti ndili moyo, tidye. Iwe mwana wane, dzutsa tenti yakoyo, anthu akunyowa."

Madamu Nyirenda anafinya duku lawo, madzi chuu, n'kundiyang'ana. "Wamva. Manga. Ndikuona."

Mayeso a Lolemba anachitika Loweruka, mvula ikugwa, Masasa yonse ikuonerera, wina aliyense akupereka malangizo. Kaya ndi mantha kaya ndi manyazi, zala zanga zinagwira ntchito zokha. Lona inakungika ngati ng'oma, madzi akutsetsereka kumbali bwinobwino. Madamu anazungulira, anakoka chingwe chilichonse, anagwedeza mtengo wapakati ndi mphamvu zawo zonse, tenti osasuntha.

"Ku Norway upita," anatero, mano akugundana. "Koma ukakafika, usakaphe munthu."

Ndinasangalala mpaka misozi, osadziwa kuti ndadzipezera ntchito. Kuyambira tsiku limenelo mpaka pano pamene ndikudikira ndege, kukangogwa zovuta zenizeni mu Masasa, m'mawa kumamveka kugogoda pachitseko changa, ndipo abambo a komiti ya maliro amafunsa mwaulemu wonse: "A Malemu alipo? Adzatimangire tenti."

Ndimapita, nanga n'kutani. Koma ndalumbira, zakusukulu zizithera kusukulu. Ngakhale andipatse kaambulera kuti ndiyeserere pakhomo, ndiyamba ndazungulira nyumba ndi nyumba kulengeza kuti tonse tili bwino.